Mwamuna wa Hayala pa Khomo la Sikelo

Olemekezeka oimira Bwanamkubwa wa boma lathu la Chiradzulu; olemekezeka oimira akuluakulu a zaumoyo; olemekezeka oimira aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo; a khansala; mafumu athu onse, magulupu ndi anyakwawa; abusa, ansembe ndi mashehe; a Khalil ndi anzanu ochokera ku bungwe limene latithandiza kumanga; a Greyson, wapampando wa komiti ya chipatala chathu chino; a sisitala Lydia ndi anamwino anzanu; alangizi a zaumoyo; amayi ndi abambo amene mwakhala pamthunzi mu tenti muno; ndi inu amayi amene mwakhala padzuwa kuseri kwa chingwe uko, amene akuti mwambo uno ndi wanu: ndakupatsani moni nonse.

Ndaona kuti lero ndi tsiku la oimira. Musadandaule mabwana, mwaimira bwino, masuti akukhalani ngati eni ake. Kuimira munthu amene sanabwere ndi ntchito yaulemu, ndipo tisanabalalike pano ndikuonetsani katswiri wa ntchito imeneyi, amene nonsenu mukhoza kuphunzirako kanthu.

Amene simundidziwa, ndine Esnat, mwana wa malemu Nabanda wa ku Mikolongwe. Sindine dokotala, sindine wandale. Ndimagula ndi kugulitsa nandolo. Chimene chandikhazika pa sofa iyi lero ndi malata amene mukuwaona akung'anima pa nyumba yatsopanoyo, ndi matumba angapo a simenti. Ndikanapereka malangizo okha, bwenzi ndili kuseri kwa chingwe ndi anzanga. Izi ndikuzidziwa, ndipo sindikudandaula, chifukwa sofayi ndi yofewa.

Ndiyambe ndi kuthokoza, popeza kuthokoza ndi mwambo ndiponso pano pali zoyenera kuthokoza. A Khalil, bungwe lanu latimangira nyumba ya sikelo ya amayi oyembekezera yokongola, ya mawindo a galasi, ya mabenchi oti munthu wa pakati akakhala msana upume. Anthu a midzi yozungulira, munaumba njerwa, munatuta mchenga, amayi munatunga madzi mpaka makosi kuuma. Anamwino, mumagwira ntchito ya anthu khumi muli awiri, ndipo mumatukwanidwa chifukwa cha mankhwala amene simunawabise ndinu. Zonsezi ndaziona, ndipo ndikuti zikomo kuchokera pansi pa mtima.

Tsono pa pulogalamu imene mwandipatsa mwalemba kuti ntchito zanga ndi ziwiri. Yoyamba, kupereka mphoto ya ndowa ndi tisheti kwa Bambo Wachitsanzo, bambo amene waposa abambo onse a dera lino pa kuperekeza mkazi wake ku sikelo. Yachiwiri, kudula riboni. Zonse ndichita. Koma mundilole ndidzere njira yaitali pang'ono, popeza a Greyson anandiuza kuti ndili ndi ufulu woyankhula zakukhosi. Ndikuona tsopano akuyang'ana wotchi. Pepani a tcheya, munanena nokha.

Ndinali mtsikana pamene ndinatenga mimba yanga yoyamba. Bambo a kwathu, malemu a Jacob, anali atapita ku migodi ku Joni, monga ankachitira amuna ambiri masiku amenewo. Chitenje ndinali nacho chimodzi. Ku sikelo kumafunika ziwiri, china chovala, china choyala pa bedi poyezedwa, ndiye chachiwiricho ndinabwereka kwa mnansi, amene anandichenjeza kuti ndisachidetse chifukwa ndi cha ku tchalitchi. Ndinayenda pansi kuchokera kwathu, ndinafika mame asanaume, ndinakhala pafupi ndi khomo ndikudziona wochenjera.

Masiku amenewo sankafunsa za mwamuna. Ankayang'ana kumapazi. Akabwera mkazi wa aphunzitsi kapena wa akalaliki, atavala nsapato, atanyamula ambulera, ankamuti, “Mayi, dutsani kuno.” Ife a mapazi ong'aluka dzina lathu linali limodzi, tonse tinali “iwe”. Ndinakhala pamenepo ndikuona nsapato zikudutsa, dzuwa linafika pamutu, linapendeka, kenaka anatuluka munthu n'kunena kuti otsala mudzabwere sabata yamawa. Sabata yamawayo inali ya ganyu wopalira, ndipo m'nyumba munalibe ufa. Sindinabwerere. Miyendo inatupa, mutu unkandiwawa ngati akundimenya ndi musi, akuluakulu ankati ndi mmene imakhalira mimba yoyamba.

Mwanayo anabadwa osalira. Amayi akuluakulu muli pano mukudziwa mmene timachitira ndi nthayo, mwana wobadwa atafa kale. Sakhomerwa bokosi, saimbiridwa nyimbo, salizidwa belu. Amamukulunga m'kansalu, amayi okhaokha n'kupita naye kumanda, iwe n'kukuuza kuti usalire mokweza. Anali wamwamuna. Lero akanakhala bambo wa imvi zake, mwina akanakhala mu tenti muno akuimira winawake. Zaka zonsezi zapita, ndabereka ena, ndili ndi zidzukulu, koma zimandiwawabe, ndipo sindichita manyazi kunena pagulu kuti zimandiwawa.

Ndiye mukandiona ndikugula malata a nyumba ya sikelo, musaganize kuti ndalama zandichulukira. Ndinkafuna kuti mwana wa munthu wosauka asadzabwererenso pakhomo. Ndipo ndinkakhulupirira kuti zinthu zinasintha. Zinasinthadi, olemekezeka, tisanamizire dziko kuti silikutukuka. Lero sitiyang'ananso nsapato. Tapita patsogolo kwambiri. Lero timayang'ana ngati mayi wabwera ndi mwamuna.

Mfundoyi inayamba bwino, ndipo ndikufuna a bungwe andimvetse. Kunachitika maphunziro kwinakwake kozizira bwino, kumene anthu anagwirizana kuti abambo azitenga nawo mbali pa uchembere. Ndani angakane? Mimba sabwera nayo mayi kuchokera kwa amake. Bambo ayenera kumva yekha kuti mkazi wake asanyamule mitolo yolemera, agone m'neti, adye zopatsa magazi. Koma mfundoyo inachoka ku maphunziroko ili pempho, inafika ku komiti yathu ili lamulo, itagona chaka inasanduka mpanda. Poyamba tinkati obwera ndi amuna aziyamba kuthandizidwa. Kenaka tinati obwera okha azidikira. Tsopano pageti pamangomveka kuti, “Bambo ali kuti? Bwererani mukawatenge.” Ndafunsa kwa odziwa, andiuza kuti boma silinalamulepo kuti mayi wobwera yekha azibwezedwa. Ndi nzeru zathu zomwe, zolima tokha, zosathira feteleza.

Nanga zotsatira zake? Zokoma zedi. Mwamva a Khalil akutiwerengera kuti chiwerengero cha abambo operekeza akazi awo chakwera moti anzathu a madera ena akufuna kubwera kudzaphunzira kwa ife. Tinaomba m'manja, inenso ndinaomba. Ndipo pa khoma la nyumba yatsopanoyo mwapachikapo chithunzi chachikulu, tonse tikuchiona: bambo wa chipewa, akumwetulira, wagwira dzanja mayi woyembekezera. Pansi pake mwalemba kuti banja lachitsanzo.

Pamene a komiti anandibweretsera pulogalamu sabata yatha, anandionetsanso chithunzi chimenechi pa foni. Bamboyo ndinamuzindikira msanga. Ndi Gregorio, wa kabaza pa siteji ya pamphambano, amene amandinyamulira matumba a nandolo kuchokera m'midzi. Koma mayiyo sindinamudziwe. Mkazi wa Gregorio ndi Bernadetta, wamfupi, woyera, amaimba kwaya ku Katolika. Wa pachithunziyo ndi wamtali, wakuda bwino. Ndinati mumtima, kaya, mwina mnyamatayu watenga wachiwiri, nanga ine ndi ndani kuti ndilowerere za m'nyumba ya eni. Ndinawabwezera foni yawo.

Dzulo masana ndinali ku shedi yanga kumene amayi amapeta nandolo pa ganyu. Pali mtsikana wina kumeneko, dzina lake Dainess, wochokera cha ku Mauwa, wolimbikira ntchito, wosayankhulayankhula. Ali ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri. Ndinaona kuti wavula patapata wake waika pambali, ndipo ndinayang'ana mapazi akewo. Atupa mpaka zala kuoneka ngati zomatidwa. Mapazi amenewo ndimawadziwa, ndinayendapo nawo.

Ndinamufunsa kuti, “Iwe Dainess, ku sikelo akuti chiyani za miyendoyi?”

Iye anati, “Sindinayambe, mayi.”

“Miyezi yonseyi? Ukudikira chiyani?”

“Ndinapita kawiri. Anandibweza. Akuti ndikabwere ndi bambo.”

“Nanga bamboyo ali kuti?”

“Anapita ku Mozambiki mimba ili ya miyezi iwiri, akuti kukasaka maganyu. Foni yawo siikugwira.”

Ndinamufunsa ngati palibe njira ina. Anati ilipo, yokatenga kalata kwa amfumu yonena kuti mwamuna palibe, koma kwa amfumu munthu supita chimanjamanja, ndiponso uyenera kufotokoza pabwalo kuti anakuthawa. Ndiye ndinati, nanga anzako amene amuna awo ali ku Joni, amene anasiyidwa, amene anapatsidwa mimba ndi amuna a eni, onsewo amalowa bwanji? Anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti madzi amatunga kuti. Anati, “Iii mayi, inu simudziwa? Amachita hayala a Gregorio.”

Sekani ndithu amayi, ndikukumvani kuseri kwa chingweko. Olemekezeka, mwaona kuti kumene kukuchokera kusekako si mu tenti muno. Nkhaniyi midzi yonse ikuidziwa, kuyambira ku Milepa mpaka kuno, ana omwe akuidziwa. Amene sitinkaidziwa ndi ife a pa sofa.

Ndinamuitanitsa Gregorio nthawi yomweyo. Anabwera akupukuta thukuta, akuganiza kuti pali matumba. Ndinati khala pansi, undiuze, uli ndi akazi angati? Anaseka, kenaka anaona kuti ine sindikuseka. Zimene anandiuza ndikuuzani monga anandiuzira, ndipo wandilola.

Anati, “Mayi, ine sindinayambe dala. Tsiku lina ndinanyamula mayi wina, titafika pageti anamubweza. Pobwerera ankalira pa kaliyala, njinga mpaka kumagwedezeka. Ndiye ndinangoitembenuza, ndikuti tiyeni, mukanene kuti bambo ndine. Tinalowa, anatiika kutsogolo, anatiombera m'manja. Basi, mbiri inamveka.”

Ndinati, “Ndiye umawathandiza ulere?”

Anati, “Poyamba. Koma mayi, sikelo imadya m'mawa wonse. Anzanga pa siteji akunyamula anthu, ine ndili pa benchi ndikuimba nyimbo za uchembere. Ana anga adya chiyani? Ndiye ulendo wamba uli ndi mtengo wake, ulendo wa ukwati uli ndi mtengo wake.”

Ndinati, “Nanga anamwino sakuzindikira?”

Anati, “Ndili ndi zipewa zingapo, ndi jekete la ku tchalitchi. Komanso anamwino amasinthasintha. Ena amandizindikira ndithu. Amangoti, bambo inu ndiye muli ndi mphamvu, n'kuwerama kumalemba.”

A sisitala Lydia, musayang'ane pansi. Amene anawerama n'kulemba anachita zachifundo, ndipo ine ndikuwalemekeza kuposa amene anakhwimitsa lamulolo.

Kenaka Gregorio anandionetsa chala chake. Mukudziwa kuti banja likabwera koyamba ku sikelo, onse awiri amayezedwa magazi. Olemekezeka, m'boma lino la Chiradzulu mulibe munthu amene akudziwa bwino za magazi ake kuposa Gregorio. Chala chimenecho chabayidwa moti chikanakhala chubu cha njinga bwenzi atachitaya kalekale. Ndipo zotsatira zake n'zabwino nthawi zonse, tithokoze Mulungu. Mayi amabwerera kwawo atauzidwa kuti bambo ali bwinobwino. Bambo wake uti? Mwini mimba ali ku Joni, magazi ake palibe anawaona. Malangizo onse a zizindikiro zoopsa, akuti mukaona mayi akutupa, mukaona akutaya magazi, thamangani nayeni kuno, amapatsidwa kwa munthu amene akangomutsitsa mayiyo pakhomo sadzamuonanso mpaka mwezi wamawa.

Chimene chinanditsiriza ndi ichi. Ndinamufunsa kuti, nanga Bernadetta, mkazi wako weniweni, pamene anali woyembekezera chaka chatha unamuperekeza? Anakanda m'mutu. Anati, “Mayi, zinavuta. Sabata imeneyo ndinali nditalowa kale ndi wina, ndipo namwino wake anali yemweyo, wolusa kwambiri. Ndiye Bernadetta anapita ndi Mavuto, mnzanga wa pa siteji.” Mwamva, olemekezeka? Mkazi wa Bambo Wachitsanzo anachita kubwereka mwamuna.

Za mayi wa pachithunziyo musade nkhawa, sindikumuyalutsa. Ndinamutumira uthenga, wayankha kuti nenani, mwana wanga anabadwa bwino ndipo akuyenda. Ena onse amene anakwerapo njinga imeneyi sinditchula ndi mmodzi yemwe, ndipo aliyense amene ayambe kuwafufuza adzayambe wafika kwa ine.

Tsono tiyeni tione mmene tawasanjira amayi athu m'dera lino, popeza tawasanja bwino kuposa mmene ine ndimasanjira nandolo. Pamwamba pali mayi amene m'nyumba mwake mumalowa malipiro a pamwezi. Ameneyo kuno sabwera n'komwe. Amakwera galimoto kupita ku Blantyre kolipira, amamuunika ndi makina, amabwerako ndi chithunzi cha mwana mwanayo asanabadwe, n'kutumizira abale pa foni. Kumeneko palibe amamufunsa kuti bambo ali kuti. Amangomufunsa kuti mulipira bwanji. Ana anga aakazi amapita kumeneko, sindikubisa, ndipo akazi a ambiri mu tenti muno amapita komweko. N'chifukwa chake mpanda uwu sitinauone, sitinagundepo mutu.

Pansi pake pali mayi amene mwamuna wake alipo ndipo wavomera kusiya khasu tsiku limenelo. Ameneyo ndi wamwayi, adutse. Kenaka pali amene mwamuna alibe, kapena ali naye koma amati za sikelo ndi za akazi, koma mayiyo ali ndi kankhuku kogulitsa, kapena kabizinesi ka tomato. Ameneyo amachita hayala. Ndipo popeza tsopano mukuti mayi azibwera ku sikelo kasanu ndi katatu, aliyense awerenge yekha nkhuku zimene zikufunika.

Ndiye pansi penipeni pali Dainess. Alibe mwamuna, alibe nkhuku, sukulu analekera sitandade folo, amakhala kutali ndi msewu, ndipo amene amadya mosakwanira, amene magazi ake ndi ochepa, amene udzudzu umamuluma kwambiri, amene akufunika sikelo kuposa onse ndawatchulawa, ndi iyeyo. Ameneyo ndiye tamuuza kuti abwerere. Mwamuna anamulanga pomuthawa, ife tamulanganso chifukwa chothawidwa. Ndipo tsiku lake likadzafika, akadzachirira panjira kapena kunyumba, komiti yomweyi idzakhala pansi n'kumulipiritsa chindapusa chifukwa chosabwera kuchipatala. Kunena zoona, a tcheya, dongosolo limeneli ndi lokwanira, silinasiye mpata.

Wina anena kuti, nanga iwe Esnat, galimoto uli nayo, bwanji sunangomutenga mtsikanayo dzulo lomwelo kupita naye kolipira? Ndinamuuza zimenezo. Ndinati kwera tipite ku Limbe. Anakana. Anati, “Mayi, mukandipititsa lero, nanga mwezi wamawa? Nanga tsiku lochira? Ine ndidzachirira pompano, ndipo adzandifunsa kuti sikelo unkapangira kuti. Ndikufuna andilembe kwathu kuno.” Ndinati chabwino, mawa m'mawa ndikuperekeza ndekha. Pamenepo ndi pamene anandikumbutsa kuti mawa sikelo kulibe, kuli mwambo. Zoonadi, olemekezeka, lero amayi oyembekezera sakuyezedwa, chifukwa tikutsegulira nyumba yoyezera amayi oyembekezera. Anamwino athu awiri ndawaona m'mawa uno akunyamula makireti a fanta.

Ndinamufunsa ngati andilola kutchula dzina lake pamaso pa anthu. Anati, “Tchulani, mayi. Manyazi anandithera pageti.”

Usiku wathawu sindinaganize za riboni. Ndinaganiza za kansalu kaja. Ndikufuna abambo a komiti mumve bwino, chifukwa inu kumanda a nthayo simunapiteko, mwambo sukulolani. Mapazi a Dainess akapitirira mmene alilimu popanda womuyeza, pali ulendo wina umene ukumudikira, ndipo pa ulendo umenewo palibe adzamufunse kuti bambo ali kuti. Kumeneko amuna safunika n'komwe. Timapita amayi okhaokha, mwakachetechete, ndipo sipakhala wobwezedwa pageti. Ine ndinayenda ulendo umenewo chifukwa ndinalibe nsapato. Sindinagule malata awa kuti mwana uyu auyende chifukwa alibe mwamuna.

Tsono ndigwire ntchito yanga yoyamba. Gregorio, bwera kutsogolo kuno. Usaope, vula chipewa anthu akuone bwino, anamwino akudziwe nkhope yako yeniyeni. Ena akuganiza kuti ndikumana mphotoyi. Ayi. Mwalemba kuti ipite kwa bambo amene waperekeza kwambiri ku sikelo, ndipo palibe angatsutse kuti ndi ameneyu. Amuna amene anapereka mimbazo ali kuti? Ena ali ku Joni, ena ali pa bawo, ena ali ndi akazi awo enieni, mwina ena ali pompano avala bwino. Uyu ndiye anakhala pa benchi m'malo mwawo, anabayidwa chala m'malo mwawo. Olemekezeka oimira, nayu mnzanu. Inu mwaimira tsiku limodzi ndipo mulandira chakudya chamasana. Uyu waimira zaka. Landira ndowa yako, mwana wanga, ukampatse Bernadetta, ndi amene anavutika. Tisheti uvale wekha.

Koma ndikuuze pamaso pa anthu kuti bizinesi ya ukwatiyi ndikufuna ithe lero. Ndikudziwa kuti ndikukuchotsera chakudya pakamwa, ndipo unandiuza dzulo kuti udzasowa pogwira. Matumba a nandolo alipo, ndipo amayiwa adzafunabe njinga. Uziwanyamula, uziwatsitsa pageti, iwo azilowa okha ndi mayina awo.

A Greyson, ndikupempheni muimirire. Ndinu munthu wabwino, tinakulira limodzi, ndipo ndikudziwa kuti pokhazikitsa lamuloli munkafuna kukoka abambo, simunkafuna kupha ana. Koma laluma kumene simunaloze. Pano pali mafumu, pali a zaumoyo, pali a bungwe, pali eni ake a mimba. Sizasi ili m'manja mwangamu, ndipo ndine mayi wokalamba, ndikhoza kuima pano mpaka fanta atatentha. Funso langa ndi limodzi. Mayi akabwera yekha pakhomo ili, alowa kapena abwerera?

Mwati bwanji? Musandiuze ine, ine ndamva. Tengani chimkuzamawuchi muwauze a kuseri kwa chingwe.

Zikomo a tcheya. Mwamva nonse, ndipo mafumu ndinu mboni: alowa, ndipo alowa pa nthawi imene wafika, osati kumapeto kwa mzere. Nthungululuzo zikukwanirani a Greyson, simunazilandirepo zotere chikhalireni pampando. Abambo amene mukufuna kuperekeza akazi anu, bwerani ndithu, mabenchi alipo, tidzakulandirani ndi manja awiri. Koma kusabwera kwanu kusakhalenso mlandu wa mkazi. A Khalil, chiwerengero chanu chija chitsika mwezi wamawa, ndipo alendo ofuna kudzaphunzira aja mwina asintha maganizo. Musadandaule, chimene chitsalecho chidzakhala cha amuna enieni.

A sisitala Lydia, ndikupempheni chinthu chimodzi. Siyani makireti, alendo ali ndi manja, adzitsegulira okha. Katengeni makina oyezera kuthamanga kwa magazi. Sindikufuna kuti nyumba iyi munthu woyamba kulowamo akhale ine ndi olemekezekawa, tikusisita makoma ndi kujambulitsa. Ife tilibe mimba, ngakhale ena mu tenti muno tikuoneka ngati tili nazo.

Dainess, uli kuti? Dzuka mwana wanga. Anyamata inu, kwezani chingwecho adutse. Bwera pang'onopang'ono, usathamange, takhala tikudikira anthu a magalimoto kuyambira m'mawa, tikhoza kudikiranso iwe. Usayang'ane kumbuyo kufuna wokuperekeza. Ima pano pambali panga, ugwire mbali iyi ya riboni.

Olemekezeka nonse, mafumu, amayi ndi abambo, mwa ulemu umene mwandipatsa lero, m'dzina la amayi amene anaumba njerwa izi, ndi m'dzina la mwana wanga amene sanapatsidwe dzina, ndikulengeza kuti nyumba ya sikelo ya amayi oyembekezera ino yatsegulidwa: kwa wovala nsapato ndi wopanda nsapato, kwa wobwera ndi mwamuna ndi wobwera yekha.

Lowa, Dainess. Akakufunsa dzina, unene lako.

Zikomo kwambiri.